Kasankhidwe ka maluwa oyera a pa ukwati kuno ku Johannesburg

Mwa ntchito zonse zimene komiti ya ukwati imagawana, ya maluwa ndiyo kawirikawiri imakumbukiridwa pomalizira, pamene za holo, za chakudya, za keke ndi za wojambula zatha kale ndipo ndalama zatsala zochepa. Kenaka mkwatibwi amatumiza chithunzi pa WhatsApp chosonyeza maluwa oyera mbee atadzaza tebulo lonse, n'kunena kuti akufuna otero. Ine ndakhala ndikuthandiza kukongoletsa maukwati a abale athu ochokera ku Malawi m'matchalitchi ndi m'maholo a ku Rosettenville, Turffontein ndi Randburg kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndaona mobwerezabwereza n'chakuti duwa loyera silibisa chilema. Lofiira likafinyika pang'ono palibe amene amazindikira, koma loyera likangopanidwa ndi chala, likapsa ndi dzuwa kapena likasowa madzi kwa ola limodzi, pamatuluka banga lofiirira limene limaoneka ngakhale pa chithunzi. N'chifukwa chake kusankha kwake sikuyenera kuyambira pa chithunzi cha pa foni, koma pa tsiku la ukwati, pa diresi la mkwatibwi ndi pa maola amene maluwawo adzayenera kupirira.

Yambani ndi mwezi wa ukwati

Musanatchule dzina la duwa lililonse, lembani tsiku la ukwati ndipo muganizire mmene kunja kumakhalira m'mwezi umenewo. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa lake limabaya ngakhale tsiku limene mphepo ikuoneka yozizira. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi kumatentha, ndipo masana ambiri amatha ndi mvula ya mabingu imene nthawi zina imabwera ndi matalala. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumauma, usiku kumagwa chisanu, ndipo mpweya wouma umamwa madzi m'maluwa mofulumira kuposa mmene anthu amaganizira. Ukwati wa mu Disembala wochitikira mu tenti ndi ukwati wa mu Julayi wochitikira mu holo sangagwiritse ntchito maluwa ofanana, ngakhale akwati ake atakonda chithunzi chimodzimodzi.

Mwezi umakuuzaninso za mtengo. M'masabata oyandikira pa 14 Febuluwale maluwa a rozi amakwera mtengo kwambiri, oyera omwe, chifukwa alimi ndi ogulitsa onse maso awo amakhala pa tsiku limenelo. Zimenezi zimabwerezanso pa Tsiku la Amayi, ndipo apa ambiri a ife timasokonezeka: kwathu tsikuli ndi pa 15 Okutobala, koma kuno ku South Africa limakhala Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Meyi. Ngati ukwati wanu wagwera pafupi ndi masiku awiriwa, konzekerani kuchepetsa rozi ndi kuchulukitsa maluwa ena.

Kenaka werengani maola. Maluwa a m'manja mwa mkwatibwi amachoka m'madzi cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa, n'kupita ku tchalitchi, n'kupita kokajambulitsa padzuwa, n'kukafika ku madyerero amene pa ukwati wathu satha msanga chifukwa cha perekaniperekani. Nthawi zambiri amenewa ndi maola 10 kapena kuposerapo, ndipo duwa lililonse limene mukuliganizira mulifunse funso limodzi ili: kodi lingathe kufika madzulo lisanafote?

Onani diresi ndi maso anu

Kuyera si kumodzi. Pali kuyera kwa mbee kofanana ndi pepala, pali kuyera kopita ku mtundu wa mkaka, pali kopita ku chikasu pang'ono ngati minyanga ya njovu, ndipo maluwa ena oyera amakhala ndi kobiriwira pakati kapena m'mbali. Duwa loyera mbee likayandikira diresi la kirimu, diresilo limaoneka ngati lakale kapena losachapa bwino. Duwa la kirimu nalo likayandikira diresi loyera mbee limaoneka ngati layamba kufota, chikhalirecho lathyoledwa dzulo lomwe. Zimenezi siziweruzidwa pa foni, pakuti kamera iliyonse imasintha kuyera mwa njira yake.

Ngati diresi likusokedwa kwa telala, pemphani kachidutswa ka nsalu yake. Ngati ndi lobwereka ku shopu, pitani masana ndi tinsalu toyera tosiyanasiyana, muyerekeze ndi diresilo pafupi ndi zenera, ndipo musunge kamene kafanana nalo kwambiri. Kansalu kameneka ndiko mudzapite nako kumsika wa maluwa. Chitaninso chimodzimodzi ndi nsalu za pa matebulo, chifukwa eni maholo ambiri amayala zoyera mbee, ndipo maluwa oyera pa nsalu yoyera amasowa ngati palibe masamba obiriwira owalekanitsa. Pamene diresi ndi nsalu za matebulo zasiyana kuyera kwake, njira imene ine ndimaikonda ndi kusakaniza dala mitundu iwiri kapena itatu ya kuyera mu mpukutu umodzi wa maluwa omangidwa pamodzi, kotero kuti diso limaona kuti zachitika mwadala, osati mwangozi.

Funsani ku mpingo ndi kwa ankhoswe

Gawo ili ndi lalifupi koma lodumphidwa kawirikawiri. Mpingo uliwonse uli ndi malamulo ake pa zimene zingaikidwe pafupi ndi guwa. Mu Mpingo wa Katolika, m'nyengo ya Lenti guwa silikongoletsedwa ndi maluwa kupatula pa masiku ochepa a chikondwerero, ndipo mu Adiventi maluwa amaikidwa mochepa. Matchalitchi ena salola kumata selotepu kapena kukhoma misomali pa mabenchi. Ambiri mwa mipingo yathu kuno amabwereka nyumba zopemphereramo kwa ena, choncho nthawi yolowa kukakongoletsa imakhala yochepa, ndipo muyenera kuidziwa pasadakhale.

Funsaninso akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Maluwa ena oyera, makamaka arum lily, St Joseph's lily ndi chrysanthemum zikuluzikulu, anthu ambiri anawazolowera pa nkhata za pa maliro. Ine sindiona choletsa kuwagwiritsa ntchito pa ukwati, ndipo ndawagwiritsapo ntchito kambirimbiri, koma ngati banja lina laika maliro posachedwa, fungo lokha la lily likhoza kubweza mayi ku manda pa tsiku limene anayenera kusangalala. Kufunsa ankhoswe kuti, "Kodi amayi angamve bwanji akaona maluwa akutiakuti?" sikutenga nthawi, ndipo yankho lake likhoza kusintha dongosolo lonse.

Tsopano sankhani mitundu

Mayina a maluwawa ndiwalemba monga mmene mudzawamvere kumsika, popeza ndi amene mudzafunika kutchula pogula. Langizo langa ndi lakuti musapitirire mitundu itatu ya maluwa, osawerengera mtundu umodzi kapena iwiri ya masamba: duwa limodzi lalikulu lokopa maso, lina lothandizira, ndi lina laling'onoling'ono lodzaza mipata.

Pa duwa lalikulu, rozi ndiye wodalirika chaka chonse. Mtundu wotchedwa Avalanche uli ndi mutu waukulu umene umamasula bwino, ndipo timasamba take takunja timakhala tobiriwira pang'ono. Akito ndi woyera mbee koma mutu wake ndi wocheperako, pamene Vendela amapita ku kirimu ndipo amagwirizana ndi diresi la mtundu wa minyanga. Apa ndiyenera kunenapo za rozi wa Iceberg, amene abale athu ambiri ogwira ntchito za m'minda ya maluwa m'nyumba za kumpoto kwa mzinda amamudziwa bwino kuposa wina aliyense. Rozi ameneyu amaduliridwa cha kumapeto kwa Julayi ndipo mu Okutobala amachita maluwa oyera ochuluka zedi, kotero kuti m'bale wina amatha kulonjeza komiti kuti abwana ake amulola kuthyola ndowa ziwiri. Mphatso yotere ndi yabwino, ilandireni ngati chilolezo chaperekedwadi, koma dziwani kuti Iceberg ndi duwa la m'munda: mapesi ake ndi ofewa ndipo timasamba take timayoyoka msanga likadulidwa. Muikeni m'mabotolo a madzi pa matebulo, atathyoledwa m'mamawa dzuwa lisanakwere, koma musamuike m'manja mwa mkwatibwi.

Lisianthus amafanana ndi rozi womasula, ali ndi maluwa angapo pa phesi limodzi, ndipo ngakhale amaoneka wofewa amapirira kutentha kuposa mmene maonekedwe ake amanenera. Carnation ndi chrysanthemum zing'onozing'ono za nthambi zambiri anthu amazinyoza kuti ndi zotchipa, koma pa ukwati wa mu tenti mu Disembala ndizo zimene zimafika usiku zili chiimire. Carnation zoyera zikamangidwa zambiri pamodzi mothinana, popanda chosakaniza, zimaoneka zaulemu kwambiri, ndipo ndaonapo alendo akuzigwira kuti atsimikize ngati zili zenizeni.

Hydrangea, amene ena kuno amamutcha Christmas rose chifukwa amachita maluwa m'nyengo ya Khirisimasi, ndiye amapezeka kwambiri pa zithunzi zimene akwatibwi amatumiza, popeza mutu umodzi umadzaza malo aakulu. Koma palibe duwa laludzu ngati limeneli. Ndikukumbukira ukwati wina wa mu Disembala umene tinakonza mipukutu isanu ndi umodzi ya hydrangea ya operekeza mkwatibwi, yonse yokongola pa 7 koloko m'mawa. Galimoto inachedwa, atsikanawo anaima panja pa tchalitchi kwa mphindi 40, ndipo polowa mitu yonse inali italendewera ngati masamba a nkhwani ofutsa. Kuyambira pamenepo ndimamuika pokhapokha pamene phesi lake likhale m'madzi tsiku lonse, m'nyumba, kutali ndi zenera.

St Joseph's lily ndi wamtali, wonunkhira, ndipo mapesi ochepa amadzaza kutsogolo kwa tchalitchi. Ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba ndi fungo, limene mu holo yaing'ono yotseka mazenera limapweteketsa anthu ena mutu, choncho asakhale pa matebulo odyerapo. Chachiwiri ndi mungu wake wachikasu umene umathimbiriza nsalu, ndipo za umenewu ndinena m'munsimu. Ngati m'nyumba imene musungiremo maluwa muli mphaka, dziwaninso kuti lily ndi poizoni woopsa kwa amphaka.

Dziko lino lili ndi maluwa akeake oyera amene ndi abwino kuwaganizira, makamaka pa ukwati wa pakati pa Ogasiti ndi Novembala. Arum lily, amene amamera yekha m'madambo, ali ndi maonekedwe osalala ogwirizana ndi diresi lopanda zokometsera zambiri. Chincherinchee, wochokera ku Western Cape, ali ndi timaluwa toyera tambiri totsatana pa phesi limodzi ndipo amakhala m'madzi masabata awiri kapena kuposa osafota, kotero kuti ndi bwenzi la komiti iliyonse yosowa furiji. Freesia ndi wamng'ono, wonunkhira mofatsa. Blushing bride, wa m'banja la protea, amapezeka kumapeto kwa nyengo yozizira, ndipo kuyera kwake kumapita ku pinki pang'ono. King protea woyera aliponso, koma ndi wodula ndiponso wolemera, moti mmodzi yekha amakwanira pakati pa mpukutu wa mkwatibwi. M'miyezi yozizira mudzapezanso tulip ndi ranunculus, amene sapirira kutentha ngakhale pang'ono. Peony nyengo yake ndi yaifupi kwambiri ndipo mtengo wake ndi wokwera, choncho musamange dongosolo lanu pa iye.

Podzaza mipata, gypsophila, amene ogulitsa amangomutcha gyp, ndi wotchipa poyerekeza ndi malo amene amadzaza, ndipo amaoneka bwino ngakhale atayamba kuuma. Mununkhizeni musanagule wambiri, chifukwa akachuluka m'chipinda chotseka amatulutsa kafungo kosasangalatsa. Pa masamba, bulugamu wa masamba ozungulira otuwa, amene kumsika amati penny gum, amagwirizana ndi kuyera kwa mtundu uliwonse.

Za maluwa ansalu ndi apulasitiki ndinene mosabisa kuti si chinthu chochititsa manyazi. Pamalo okwera amene palibe adzawagwire, monga pa khomo lolowera kapena pa nsalu ya kumbuyo kwa akwati, ansalu abwino amagwira ntchito ndipo amapulumutsa ndalama. Amoyo asungireni m'manja mwa mkwatibwi, pa chifuwa cha mkwati ndi pa tebulo la akwati. Chokhacho, musawayandikizitse ansalu ndi amoyo pamalo amodzi, chifukwa kuyera kwa ansalu nthawi zambiri kumapita ku buluu ndipo kumachititsa amoyo kuoneka akuda.

Werengani mapesi, osati mitolo

Tengani pepala ndipo mulembe malo aliwonse ofunika maluwa motsata kufunika kwake: mpukutu wa mkwatibwi, duwa la pa jekete la mkwati, maluwa a operekeza, a makolo ndi ankhoswe, tebulo la akwati, kutsogolo kwa tchalitchi, ndipo pomalizira matebulo a alendo. Ndalama zikapereŵera muzidula kuchokera pansi pa mndandandawo. Mpukutu wa mkwatibwi wa rozi yekhayekha umafuna mapesi 20 mpaka 25, wa woperekeza umakwanira ndi theka la amenewo. Ngati muli ndi matebulo 15 ndipo pa lililonse mukufuna mapesi 7, amenewo ndi mapesi 105. Mukaphatikiza zonse, onjezerani limodzi pa mapesi 10 aliwonse, pakuti pa maluwa oyera ena mudzawataya ndithu chifukwa cha mabanga. Kumsika maluwa amagulitsidwa m'mitolo, ndipo chiwerengero cha mapesi mu mtolo chimasiyana malinga ndi mtundu wa duwa ndi wogulitsa, choncho funso lanu lizikhala lakuti mu mtolomo muli mapesi angati ndipo ndi aatali bwanji. Rozi wa phesi lalitali ndi wodula, ndipo palibe chifukwa chomulipirira ngati mukamudula kuti alowe m'botolo lalifupi.

Njira ina yochepetsera ndalama ndi kusamutsa maluwa a ku tchalitchi kupita nawo ku holo pamene akwati ali kojambulitsa. Izi zimatheka pokhapokha mwasankhiratu anthu awiri ndi galimoto ya ntchito imeneyi yokha, ndiponso ngati mpingo suyembekezera kuti maluwawo atsale pa mapemphero a mawa lake.

Pitani kumsika kawiri

Msika waukulu wa maluwa mu mzinda uno ndi Multiflora, ku City Deep, dera lomwelo kumene kuli msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba. Kumeneko alimi amagulitsa maluwa pa okushoni kwa ogula olembetsa, ndipo pamalo pomwepo pali mashopu amene munthu wamba angagulemo. Ulendo woyamba upangeni kutatsala masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, m'mamawa, mutatenga kansalu ka diresi kaja ndi pepala lanu la mapesi. Ulendo umenewu ndi wokaona, wokafunsa mitengo m'mashopu atatu kapena anayi, ndi wokafunsa ngati mitundu imene mwasankha idzakhalepo sabata ya ukwati wanu. Gulani mtolo umodzi wa duwa lanu lalikulu, mukauike m'madzi kunyumba, ndipo muone kuti ukumasula tsiku liti ndi kufota tsiku liti. Mtolo umodzi umenewo udzakuphunzitsani zambiri kuposa malangizo onse a pa intaneti.

Mukagwirizana ndi wogulitsa, kapena ndi munthu wokonza maluwa ngati mwasankha kulemba ntchito katswiri, zonse zilembedwe: dzina la duwa, mtundu wa kuyera kwake, chiwerengero cha mapesi, tsiku ndi ola lotengera, dipoziti imene mwapereka, ndi duwa limene lidzalowe m'malo ngati limene mwaitanitsa lasowa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri. Tinaitanitsapo rozi woyera kwa wogulitsa wina pongolankhulana pakamwa, ndipo pa tsiku lotenga tinapeza watisungira wa chikasu chotuwa, iye n'kumati nayenso ndi woyera. Tinalibe pepala lomutsutsira, ndipo nthawi yofunafuna kwina inali itatha.

Ulendo wachiwiri ndi wokagula. Ngati ukwati uli Loweruka, rozi, lisianthus ndi carnation zigulidwe Lachinayi, kuti zikhale ndi nthawi yomwa madzi ndi kumasula. Lily amagulitsidwa asanamasule ndipo amafuna masiku atatu mpaka asanu, ochulukirapo m'nyengo yozizira, choncho mugule Lolemba kapena Lachiwiri. Hydrangea ndi maluwa ena osalimba adikire mpaka Lachisanu. Abale a mpingo wa Seventh Day Adventist, amene maukwati awo amakhala Lamulungu, agule Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa, asamalire maluwawo Sabata lisanalowe, ndipo kumanga mipukutu kudikire Loweruka dzuwa litalowa.

Pogula musachite manyazi kuyang'anitsitsa. Gwirani mutu wa rozi pang'onopang'ono m'munsi mwake, osati pamwamba: ukhale wolimba, osati wofewa ngati thonje. Suzumirani pakati pa timasamba take, ndipo mukaona timadontho tofiirira tonyowa, siyani mtolo wonsewo, chifukwa ndi nkhungu imene imafalikira usiku umodzi. Koma timasamba takunja tobiriwira kapena tokhakhala si chilema, ndi toteteza duwa paulendo, ndipo timachotsedwa tsiku lomanga. Tukulani mtolo muone kunsi kwa mapesi: kukhale kobiriwira ndi kolimba, osati koterera kapena kwakuda. Madzi a mu ndowa ya wogulitsa akakhala onunkha, maluwa ake akhalitsa.

Kusamalira kunyumba

Ndowa zikhale zokonzeka musanapite kumsika, zotsukidwa ndi sopo ndi Jik pang'ono, chifukwa tizilombo ta mu ndowa yakuda timatseka mapesi ndipo duwa limafa ndi ludzu lili m'madzi. Mukangofika, chotsani masamba onse amene angamire m'madzi, dulani kunsi kwa phesi lililonse masentimita awiri kapena atatu mopendeketsa ndi mpeni wakuthwa, ndipo muliike m'madzi nthawi yomweyo. Thiranimo mankhwala a m'timapaketi odyetsera maluwa amene ogulitsa amakhala nawo, motsatira muyezo wolembedwa pa paketipo. Musathinitse maluwa mu ndowa imodzi, ndipo musawaze madzi pa mitu ya rozi woyera, chifukwa chinyezi chokhalitsa pa timasamba ndicho chimabweretsa mabanga aja.

Asungeni m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, chamdima, kutali ndi mbaula, hita ndi zenera. Ambiri a ife tikukhala m'zipinda zazing'ono, ndipo sabata ya ukwati m'nyumba mumadzaza makatoni a tomato, nthochi ndi maapulo a pa phwando. Zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa maluwa msanga, makamaka carnation, choncho zisagone chipinda chimodzi ndi maluwa. Pa chifukwa chomwecho furiji ya m'khitchini si malo abwino, ndipo kumbuyo kwake kumazizira mopitirira moti timasamba toyera timapsa ndi chisanu. M'miyezi ya Juni ndi Julayi musawasiye pakhonde kapena mu galaja yotseguka usiku. Ngati kwanu kulibe malo, pemphani mayi wina wa mu mpingo amene ali ndi chipinda chopanda anthu.

Hydrangea akafota musafulumire kumutaya. Dulaninso phesi lake ndipo mumize mutu wonse m'bafa la madzi ozizira kwa theka la ola kapena kuposerapo, popeza duwa limeneli limamwanso kudzera m'timasamba take, ndipo nthawi zambiri limadzuka. Lily akamamasula, tsiku lililonse chotsani timitu ta mungu tili pakati pake ndi kapepala kofewa, tisanayambe kuyoyoka. Amene akuchedwa kumasula muwasamutsire m'chipinda chofunda ndi chowala, amene afulumira muwabweze kozizira.

Kumanga kuchitike Lachisanu madzulo, ndi manja osamba opanda mafuta odzola, ndipo duwa lizigwiridwa pa phesi nthawi zonse. Ngati mukugwiritsa ntchito siponji yobiriwira yobayamo maluwa, imene ambiri amaitcha oasis, isiyeni iyandame pa madzi mpaka imire yokha. Mukaikankhira pansi ndi dzanja, kunja kumanyowa koma pakati pamatsala pouma, ndipo duwa lobayidwa pamenepo limafota m'maola ochepa. Mipukutu ya m'manja igone mapesi ake ali m'madzi, ndipo riboni idzakulungidwe m'mawa.

Tsiku la ukwati

Maluwa ayende mkati mwa galimoto, osati kumbuyo kwa bakkie, galimoto yotseguka kumbuyo ija, kumene mphepo ndi dzuwa zimawapsereza asanafike n'komwe, ndiponso osati mu buti yotseka. Ndowa zikhale ndi madzi ochepa, zoikidwa m'makatoni kapena m'makireti kuti zisagwe pokhota. Sankhani munthu mmodzi, amene si woperekeza akwati ndipo alibe ntchito ya kukhitchini, kuti akhale woyang'anira maluwa tsiku lonse, ndipo m'chikwama mwake mukhale sizasi, mapini, selotepu, kathawulo ndi marozi atatu kapena anayi apadera. Iyeyu apukute mapesi a mpukutu asanaupereke kwa mkwatibwi, kuti madzi asadonthere pa diresi. Duwa la pa jekete la mkwati likhale ndi linzake losungira, chifukwa pofika masana loyambalo limakhala litaphwanyika ndi kukumbatirana.

Mungu wa lily ukagwera pa diresi, wina aliyense asaupukute ndi dzanja kapena ndi nsalu yonyowa, pakuti ukatero umalowerera mu ulusi. Tengani selotepu, muigunditse pang'onopang'ono pamwamba pa mungu ndi kuinyamula, mobwereza ndi mbali yatsopano mpaka wonse utachoka.

Ku holo, maluwa a pa tebulo la akwati akhale aafupi, osapitirira pa chifuwa cha munthu wokhala pansi, kuti alendo ndi wojambula aziona nkhope za akwati. Zoikamo maluwa zazitali zichoke m'njira imene anthu adzadutse povina, chifukwa perekaniperekani akafika pachimake palibe amene amayang'ana pansi. Nthawi imeneyo mkwatibwi amaimirira kutsogolo kwa nthawi yaitali, manja ake ali pa mbale kapena lichero lolandirira ndalama, ndipo mpukutu wake umangosiyidwa pa mpando, pena n'kukhaliridwa. Ikani botolo la kukamwa kwakukulu lokhala ndi madzi pang'ono pa tebulo la akwati, kuti nthawi iliyonse imene mpukutuwo wachoka m'manja uziima mmenemo, ndipo woyang'anira uja aziupukuta asanaubwezere.

Madyerero asanathe, wotsogolera mwambo alengeze za maluwa a pa matebulo, chifukwa mabotolo ndi zoikamo nthawi zambiri zimakhala zobwereka ndipo zikasowa komiti ndiyo imalipira. Konzeranitu mapepala kapena timatumba tokulungira, kuti maluwa atuluke m'mabotolo n'kuperekedwa choyamba kwa amayi a mkwati ndi amayi a mkwatibwi, kenaka kwa ankhoswe ndi kwa amayi amene anaphika. Amene abwere kuchokera kumudzi pa basi asavutike kuwanyamula pobwerera, popeza ulendo wodutsa pa Beitbridge ndi ku Tete ndi wautali ndipo zomera zili ndi malamulo ake pa zipata za m'malire. Awaike m'madzi kumene afikira, adulenso mapesi ndi kusintha madzi pakapita masiku awiri aliwonse, ndipo chincherinchee ndi carnation zidzakhala zikadali zoyera mpaka tsiku limene adzakwere basi.